Funsani Tikuyankheni: Kukaona Munda Wakale wa Zomera

Makalata amene tasankha mwezi uno onse akukhudza minda yakale yosungira zomera, monga wa ku Padua m'dziko la Italy, wa ku Kew mumzinda wa London ndi wa Kirstenbosch ku Cape Town. Ena mwa makalatawa tawafupikitsa chifukwa cha kuchepa kwa malo.

Funso: Akonzi, mwana wanga amene akuphunzira ku Italy wandiitana kuti ndikamuone, ndipo pa malo amene wakonza kuti tikayendeko walembapo munda wa zomera wa ku Padua. Ine sindikumvetsa kuti munthu angalipire pakhomo chifukwa chongofuna kuona mitengo. Kodi mundawu ukusiyana bwanji ndi paki imene anthu amapita kukapitidwa mphepo? Ndine Mayi R. K.

Yankho: Mayi, mukapita kumeneko ndi mtima wokaona maluwa okongola okha mukhoza kubwerako mutagwiritsidwa mwala, chifukwa munda wa ku Padua ndi waung'ono, ndipo alipo mapaki ambiri amene amauposa pa kukongola. Chimene chimausiyanitsa ndi paki ndi kaundula. M'munda wa mtundu umenewu chomera chilichonse chimadziwika dzina lake lenileni, kumene chinachokera, amene anachibweretsa ndiponso chaka chimene chinafika, ndipo zonsezi zimalembedwa ndi kusungidwa kuti akatswiri ndi ophunzira azizigwiritsa ntchito. Mtengo wa m'paki ukauma amangobzalapo wina uliwonse wopereka mthunzi, pamene wa m'munda wa zomera ukayamba kudwala, osamalira amathamangira kutengapo njere kapena nthambi kuti mbewu yake isathere pomwepo.

Munda wa ku Padua unakhazikitsidwa m'chaka cha 1545 ndi boma la Venice, limene linkalamulira mzindawu pa nthawiyo, ndipo cholinga chake chinali kuthandiza ophunzira za udokotala pa yunivesite ya kumeneko. Masiku amenewo mankhwala ambiri ankachokera ku zitsamba, ndipo ogulitsa ankatha kusokoneza chitsamba china ndi chinzake chofanana nacho, mwangozi kapena mwadala, moti odwala ankamwa zinthu zosachiritsa, nthawi zina zakupha kumene. Aphunzitsi anaona kuti zithunzi za m'mabuku sizinkakwanira, ndipo wophunzira anayenera kuchiona chitsambacho chili chamoyo, kugwira masamba ake ndi kumva fungo lake. Mzinda wa Pisa unali utayamba kale munda wake motsogozedwa ndi Luca Ghini, koma umenewo unasamutsidwa kawiri, n'chifukwa chake wa ku Padua ndi umene umadziwika kuti ndi wakale kwambiri mwa minda ya mayunivesite imene idakali pamalo pomwe inayambira. Bungwe la UNESCO linauika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1997.

Mukalowa, muyambe mwayang'ana mpanda wozungulira umene uli pakati. Unamangidwa mu 1552, patangopita zaka 7 chikhazikitsire mundawo, chifukwa mbava zinkabwera usiku kudzazula zitsamba zamtengo wapatali n'kukagulitsa. Kenako mufunse kumene kuli kanjedza wobzalidwa mu 1585, yemwe ndi chomera chakale kuposa zonse m'mundamo ndipo anamumangira kanyumba kake kagalasi. Wolemba wa ku Germany, Goethe, anamuona mu 1786 nachita chidwi ndi mmene masamba ake amasinthira maonekedwe kuchokera kunsi kukwera m'mwamba, ndipo mpaka lero anthu amamutchula ndi dzina la mlendo ameneyu. Mulinso mtengo wina wa mu 1680 umene thunthu lake lili ndi mphako yaikulu koma ukuphukabe, komanso mtengo wa ginkgo wa mu 1750. Ife tikuona kuti mwana wanu wasankha bwino, koma mumuuze kuti asakufulumizeni.

Funso: Akonzi, ndimaphunzitsa sayansi ku sekondale ndipo ndikufuna kupita ndi ophunzira anga ku munda wa zomera. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi tizikwangwani ta pa mitengo, timene timalembedwa m'Chilatini. Ndiwathandize bwanji ana kuti apindule? Ndine Mphunzitsi J. B.

Yankho: Aphunzitsi, kachikwangwani kameneko ndi chiphaso cha chomeracho, ndipo mwana amene waphunzira kukawerenga wapeza phindu lalikulu la ulendo wonse. Dzina la Chilatini limakhala ndi mawu awiri, motsatira dongosolo limene katswiri wa ku Sweden, Carl Linnaeus, anakhazikitsa m'buku lake la mu 1753. Liwu loyamba limatchula gulu la zomera zapachibale, ndipo lachiwiri limatchula mtundu weniweni m'gulumo. Mwachitsanzo, Coffea arabica ndi Coffea canephora ndi mitundu iwiri ya khofi, ndipo mwana akangoona kuti liwu loyamba n'lofanana adziwe kuti ayenera kufufuza chimene mitengo iwiriyo ikufanana pa masamba, maluwa ndi zipatso. Chilembo L. chikatsatira dzina, ndiye kuti Linnaeus yemweyo ndi amene anapereka dzinalo. Pakachikwangwanipo pamalembedwanso banja la chomeracho, ndipo mayina a mabanja nthawi zambiri amathera ndi zilembo zakuti aceae. Khofi ali m'banja la Rubiaceae, limodzi ndi mtengo umene makungwa ake amapangira kwinini, mankhwala a malungo.

Zinthu ziwiri zimene alendo ambiri saziwerenga ndi dera limene chomeracho chimamera mwachilengedwe ndi nambala yake ya m'kaundula. M'minda yambiri manambala oyamba amasonyeza chaka chimene chomeracho chinalembedwa m'buku la mundawo, ndipo nambala yonseyo imalozera ku mbiri yake: kodi njere zake zinatoledwa kutchire, paphiri liti, ndi ndani, kapena zinachokera ku munda wina? Kwa akatswiri, kachitsamba konyozeka kodziwika bwino kumene kanatoledwa n'kofunika kuposa mtengo waukulu wokongola umene palibe akudziwa gwero lake, pakuti kachitsambako akhoza kukagwiritsa ntchito pa kafukufuku kapena kukabwezera kwawo.

Langizo lathu n'lakuti musayese kuwaonetsa ana munda wonse. Munda wa ku Kew, mwachitsanzo, ndi wa mahekitala oposa 120, ndipo gulu la ana limene lakhwekhwereza mapazi tsiku lonse limabwerako likukumbukira kutopa kokha. Muwagawe m'timagulu, ndipo kagulu kalikonse mukapatse banja limodzi la zomera kuti kapeze mitundu isanu ya m'banjamo, kajambule masamba ake ndi pensulo ndi kulemba maiko amene yachokera. Kujambula ndi dzanja kumamukakamiza mwana kuwerenga mitsempha ya tsamba ndi kuona mmene lamerera pa nthambi, zimene kamera ya foni imamuchitira iye asanaone kanthu.

Ngati n'kotheka, mulembere kalata akuluakulu a mundawo kupempha kuti ana akaonenso nyumba yosungira zomera zouma, yotchedwa herbarium, imene kawirikawiri alendo wamba salowamo. Mmenemo nthambi, masamba ndi maluwa amaziumitsa pozipanikiza, n'kuzimata pa mapepala olembedwa malo ndi tsiku limene zinatoledwa. Ya ku Kew ili ndi zitsanzo zotere pafupifupi 7 miliyoni, ndipo mapepala akalewo akuululabe zatsopano. Mu 2022 akatswiri analengeza za mtundu watsopano wa kakombo wamkulu wa m'madzi wa ku Bolivia, Victoria boliviana, amene masamba ake amatha kupitirira mamita 3 m'mimba mwake. Chitsanzo chake chinali chitakhala m'makabati a ku Kew zaka 177 chikuyesedwa cha mtundu wina.

Funso: Akonzi, ndimakonda kubzala maluwa. Kodi pali cholakwa ngati nditathyola kanthambi kamodzi kapena kutola njere zimene zagwa kale pansi? Mtengo sungafe ndi kanthambi kamodzi. Ndine Bambo S. N.

Yankho: Bambo, cholakwa chilipo, ndipo minda imeneyi imaletsa zimenezi mosabisa mawu. Inu mukuwerengera dzanja lanu lokha, koma munda wotchuka umalandira alendo ochuluka zedi pa chaka, ndipo aliyense atati atengeko kanthambi kamodzi sipangatsale chomera. Njere zimene mukuziona pansi mwina osamalira akuzidikira kuti zikhwime azitole, ndipo bala limene mwasiya pa nthambi ndi khomo la matenda. Komanso zomera zina zimene zimaoneka zachabechabe ndi zosowa kwambiri. Mu Januwale 2014 munthu wina anazula kakombo wa m'madzi wamng'ono kwambiri padziko lonse, Nymphaea thermarum, m'nyumba ina yagalasi ku Kew. Kakombo ameneyu kwawo ndi ku Rwanda, kumene ankamera m'matope a pa kasupe wa madzi otentha, ndipo akatswiri anavutika zaka zambiri asanapeze njira yomumeretsera kuchokera ku njere.

Mukadutsa malire a dziko ndi chomera, nkhani imakulanso. Maiko amafuna chikalata chotsimikiza kuti chomeracho chilibe tizilombo kapena matenda, ndipo mitundu ina, monga ya maluwa a orchid ndi mitengo ya cycad (yooneka ngati kanjedza), imatetezedwa ndi pangano la CITES la mu 1973, loyang'anira malonda a zomera ndi nyama zosowa pakati pa maiko. Minda yambiri ili ndi malo ogulitsira mbande ndi njere zimene yameretsa yokha, ndipo kumeneko ndiye kolowera munthu wokonda maluwa ngati inu.

Tiwonjezepo chinthu china chimene simunafunse. Mukaona chingwe chozungulira mtengo wakale, musachilumphe kuti mukakhale pamthunzi. Mu Okutobala 1987 mphepo yamkuntho inagwetsa mitengo mazana ambiri ku Kew, ndipo mtengo wina wa oak wobzalidwa mu 1798, umene unali ukufooka kale, unanyamulidwa ndi mizu yomwe n'kubwerera m'dzenje lake. Zaka zotsatira mtengowo unayamba kukondwa kuposa kale. Osamalira anazindikira kuti mapazi a alendo anali ataguga nthaka ya pa mizu yake kwa zaka zambirimbiri, moti mpweya ndi madzi sizinkalowa, ndipo mkunthowo unaigalauza. Kuchokera pamenepo anayamba kufewetsa nthaka ya mitengo ikuluikulu poipopera mpweya, ndi kuchepetsa oyenda pansi pake.

Funso: Akonzi, ine ndimaona kuti minda imeneyi, makamaka ya ku Ulaya, inadzaza ndi zomera zotengedwa m'maiko a eni ake pa nthawi ya atsamunda. Kodi si kulemekeza akuba kupita kukaisirira? Ndine wophunzira wa mbiri yakale, T. P.

Yankho: Funso lanu ndi lolemera, ndipo mbali yaikulu ya zimene mukunena ndi yoona. Minda yoyambirira inali ya mankhwala ndi maphunziro, koma kuyambira zaka za m'ma 1700 maiko olamulira anzawo anaisandutsa chida cha malonda. Munda wa ku Kew, umene unayambitsidwa mu 1759 ndi Augusta, mayi wake wa mfumu George III, n'kukhala munda wa boma mu 1840, unali likulu la minda ina yambiri ku India, ku Ceylon (lero Sri Lanka), ku Singapore ndi ku zilumba za Caribbean. Ntchito yake inali kupeza zomera zopindulitsa kumene zili, kuzimeretsa, n'kuzitumiza kumene atsamunda anali ndi malo ndi antchito otsika mtengo. Chimene chinathandiza kwambiri ndi bokosi lagalasi lotsekeka limene dokotala wa ku London, Nathaniel Ward, analiyesa mu 1833 potumiza zomera ku Sydney. Kale mbande zambiri zinkafera panyanja chifukwa cha mchere ndi kusowa kwa madzi abwino, koma m'bokosili chinyezi chinkazungulira chokha ndipo zinkafika zamoyo patapita miyezi.

Nkhani yodziwika kwambiri ndi ya mphira. Mu 1876 Henry Wickham anabweretsa ku Kew njere pafupifupi 70,000 za mtengo wa mphira kuchokera ku Brazil. Zimene zinamera sizinafike ndi 3,000 zomwe, koma zinakwanira. Mbande zambiri zinapita ku Ceylon, ndipo 22 zinafika ku Singapore mu 1877, kumene Henry Ridley, amene anakhala mkulu wa munda wa kumeneko mu 1888, anapeza njira yochekera khungwa kuti utomoni utuluke mtengo osafa. Pofika 1913 minda ya ku Asia inali itapitirira Brazil pa kupanga mphira, ndipo chuma cha mizinda ya ku Brazil monga Manaus chinagwa. Mpaka lero anthu amatsutsana ngati Wickham anaphwanya lamulo lililonse la nthawiyo, koma chosatsutsika n'chakuti eni nkhalango sanafunsidwe ndipo sanapezepo kanthu.

Nkhani ya kwinini, amene anali mankhwala a malungo odalirika a nthawiyo, ndi yomvetsa chisoni kuposa pamenepa. Njere za mtengo wa cinchona wokhala ndi kwinini wambiri zinatoledwa ku Bolivia ndi Manuel Incra Mamani, amene ankagwira ntchito kwa wamalonda wa ku England, Charles Ledger. Zina mwa njerezo zinagulitsidwa kwa Adatchi mu 1865, iwo n'kukazibzala pa chilumba cha Java ku Indonesia, chimene pambuyo pake chinkapereka pafupifupi kwinini yense wa padziko lonse. Mtengowo unapatsidwa dzina la Ledger, pamene Mamani anamangidwa ndi kumenyedwa paulendo wina wokatola njere, ndipo anamwalira mu 1871. Pali ndi nkhani ya mtengo wa breadfruit, umene William Bligh anautenga ku Tahiti n'kufika nawo ku munda wa pa chilumba cha St Vincent mu 1793, cholinga chake chili kupeza chakudya chotsika mtengo cha akapolo a m'minda ya nzimbe.

Tsono tipite kapena tisapite? Ife tikuti pitani, makamaka inu amene mukuphunzira mbiri. Umboni wa zonsezi uli m'minda momwemo, m'makalata, m'mabuku a kaundula ndi pa mapepala a zomera zouma, ndipo olemba mbiri amene aulula mayina ngati la Mamani anawapeza posanthula zolembedwa zoterezi. Munthu amene akudziwa nkhani ya mphira amaima m'nyumba yagalasi ya mitengo ya kanjedza ya ku Kew, yomangidwa pakati pa 1844 ndi 1848, ndi maso ena kusiyana ndi wongodzajambulitsa. Zinthunso zasintha pa malamulo: pangano la maiko la zachilengedwe la mu 1992 linavomereza kuti dziko lililonse ndi mwini wa zomera zake, ndipo pangano la ku Nagoya la mu 2010 limafuna kuti wotola zomera apemphe chilolezo ndi kugawana phindu ndi eni ake. Chimene ife sitikhutira nacho n'chakuti zitsanzo zoyambirira za zomera zambiri za ku Africa, Asia ndi South America zidakali m'makabati a ku Ulaya, moti katswiri wofuna kutsimikiza dzina la chitsamba cha kwawo amayenera kudalira zithunzi za pa intaneti kapena kupempha chitupa choyendera. Funso limeneli mukafika kumeneko mulifunse ndithu.

Funso: Akonzi, masiku ano zithunzi za chomera chilichonse zili pa intaneti. Kodi minda imeneyi idakali ndi ntchito yanji yoposa kukopa alendo? Ndine Mayi L. G.

Yankho: Mayi, pali zomera zimene zikanakhala kuti zinatheratu padziko pakanapanda minda imeneyi. Mu 1895 John Medley Wood, wa ku munda wa zomera wa ku Durban, anapeza m'nkhalango ya oNgoye ku South Africa tsinde limodzi la mtengo wa cycad umene lero umatchedwa Encephalartos woodii. Mitengo ya mtundu umenewu imakhala yaimuna ndi yaikazi payokhapayokha, ndipo umene anaupezawo unali waumuna. Waukazi sunapezekepo mpaka lero. Kutchire mtengowu kulibenso, ndipo yonse imene ili m'minda, kuphatikizapo umene unafika ku Kew mu 1899, ndi mphukira zochokera ku tsinde limodzi lomwe lija. Chimodzimodzi mtengo wa toromiro wa pa chilumba cha Easter unatha kwawo, koma unapulumuka chifukwa njere zimene Thor Heyerdahl anatola m'zaka za m'ma 1950 zinameretsedwa ku munda wa ku Gothenburg ku Sweden. Mtengo wa Franklinia wa ku Georgia ku America unaoneka komaliza kutchire kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, ndipo yonse imene ilipo inachokera ku njere zimene banja la Bartram linabzala m'munda wawo ku Philadelphia.

Ntchito ina yaikulu siionekera kwa alendo. Nkhokwe ya njere ya Millennium Seed Bank, imene Kew inatsegula ku Wakehurst ku England mu 2000, imasunga njere zoposa 2 biliyoni zotoledwa mogwirizana ndi maiko ambiri. Njerezo amaziumitsa bwinobwino, n'kuzitsekera m'mabotolo m'zipinda zozizira madigiri 20 kunsi kwa ziro, ndipo nthawi ndi nthawi amatengako zochepa kuti aone ngati zikumerabe.

Komabe tisakokomeze. Njere za mitengo ina, monga mango, mapeyala ndi koko, komanso za mitengo yambiri ya m'nkhalango zamvula, zimafa zikangouma, choncho sizingasungidwe m'njira imeneyi. Ndiponso mtengo umodzi wa m'nyumba yagalasi ulibe tizilombo timene timanyamula mungu wake, mbalame zimene zimamwaza njere zake, ngakhale nthaka ya kwawo. Cycad wa ku oNgoye ali moyo, koma sangabereke. N'chifukwa chake ife timaupatsa ulemu wapadera munda wa Kirstenbosch, umene unakhazikitsidwa mu 1913 motsogozedwa ndi Harold Pearson kuti usamalire zomera za dziko lomwelo la South Africa, ndipo mbali yake yaikulu ndi tchire lachilengedwe la m'mphepete mwa phiri la Table Mountain lomwe limangotetezedwa osalimidwa.

Funso: Akonzi, nthawi yabwino yopitira ku minda imeneyi ndi iti? Ndinamvanso za duwa lina lalikulu lonunkha. Ndingalione kuti? Ndine Bambo D. C.

Yankho: Bambo, nyengo imadalira kumene mundawo uli. Ku Ulaya maluwa ambiri amachita bwino kuyambira Epulo mpaka Juni, pamene ku Cape Town nthawi yake ndi Ogasiti mpaka Okutobala. Nyumba zagalasi zimakhala ndi choona chaka chonse, koma za zomera za kumalo otentha zimakhala ndi chinyezi chambiri, choncho ndi bwino kulowamo m'mawa anthu asanachuluke.

Duwa limene munamvalo ndi la chomera cha ku Sumatra ku Indonesia chotchedwa Amorphophallus titanum. Limatha kutalika pafupifupi mamita 3, ndipo limatulutsa fungo la nyama yowola pofuna kukopa ntchentche ndi tizilombo tina tonyamula mungu. Kunja kwa Sumatra linamasula koyamba ku Kew mu 1889, ndipo lero minda yambiri ikuluikulu ili nacho chomerachi. Musakonzere ulendo wautali pa duwa limeneli, chifukwa chomeracho chimatha zaka zingapo chisanachite duwa, ndipo likamasula limakhala tsiku limodzi kapena awiri basi n'kufota. Minda imene ili nacho imalengeza pa intaneti kukatsala masiku ochepa, ndipo ina imatalikitsa nthawi yotsekera kuti anthu a pamzere onse alowe. Mukapeza kuti si nthawi yake, mufunse osamalira akuonetseni tsamba lake, limene ndi limodzi lokha koma limakula ngati kamtengo.